Ambuye, ndinakana kunena Ameni pa pemphero la mng'ono wanga

Tiyeni tipemphere limodzi abale, aliyense pomwe ali, kaya ndinu a mpingo uti.

Atate wathu wakumwamba, ndinu woyera, ndinu wabwino, ulemerero ndi wanu. Lero matamando anga afupika Ambuye chifukwa mtima walemedwa, koma Inu mukudziwa kuti ndimakukondani.

Ambuye Yesu, usiku uja musanagwidwe, Yudasi atatuluka kale, mtanda uli pafupi, munakweza maso kumwamba nkupempherera ife, ife amene tinali tisanabadwe nkomwe, kuti tonse tikhale amodzi monga Inu ndi Atate muli amodzi, kuti dziko likhulupirire kuti anakutumani ndi Atate. Zili pa Yohane 17:21, timaziwerenga, timaziloweza, ena mpaka timaziika pa status. Ndiye taonani zomwe tachita nalo pemphero lanulo. Asilikali amene anakupachikani aja anaopa kung'amba malaya anu, anati tisang'ambe tingochita maere, koma ife ana anu enieni thupi lanu tikuling'amba tsiku ndi tsiku osaopa. Uyu akuti ubatizo wako si ubatizo, uyo akuti tsiku lomwe umapemphera ndi lolakwika, winayo akuti ngati sulankhula malilime ndiye kuti ulibe Mzimu, wina akuti olankhula malilimewo ndi amisala, basi kunyozana mu ma gulupu mpaka usiku, mavesi tikuponyerana ngati miyala pomwe anthu osakudziwani akungoonerera. Ku Korinto kuja ankati ine ndine wa Paulo, ine wa Apolo, ine wa Kefa, Paulo nkuwafunsa kuti kodi Khristu wagawika? Funso lomwelo likutifunsa ife lero ndipo tilibe choyankha. Tikhululukireni Atate, tichitireni chifundo, musatitaye.

Koma ndisabisale mu "ife" Ambuye. Ndi ine. Ndine ndachimwa.

Mng'ono wanga anachoka mu mpingo womwe tinakuliramo, patha zaka 3 tsopano, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumuona ngati wotayika. Mayi athu atadwala tili m'chipatala, iye anagwira dzanja la mayi nkuyamba kupemphera misozi ili chuchuchu, akuitana dzina lanu lomweli la Yesu, ine ndinangoima poteropo maso ali tong'o, khutu langa likusaka poti alakwitse kuti ndidzamunene. Atamaliza mayi ananena Ameni ndi timawu tofooka, ine ndinangoti duu. Mayi anandiyang'ana osanena kanthu. Maso amenewo sandichoka Ambuye, ndikagona ndimawaona. Mayi munawachiza, zikomo, zikomo kwambiri, koma mpaka lero pakamwa panga sipanavomere kuti mwina pemphero lomwe munamva ndi lomwe lija ndinakana kulivomera. Ndine ndani ine woti ndizisankha mapemphero oti afike kwa Inu? Ndinamufera ndine mwanayu? Yohane anabwera kwa Inu kudzanena kuti taona wina akutulutsa ziwanda m'dzina lanu ndipo tamuletsa chifukwa satsatana nafe, Inu munati musamuletse. Ine ndamuletsa mumtima mwanga zaka zonsezi. Ndikhululukireni, ndisambitseni, chotsani kudzikuza kumeneku komwe ndakhala ndikukutcha kuti kuima pa choonadi.

Ndikudziwa sindili ndekha. Pali ena akupemphera nane pano amene sayankhulana ndi m'bale wawo, mkazi wawo, mwana wawo chifukwa cha dzina la tchalitchi. Akhudzeni nawonso Ambuye.

Ndipo si za mipingo zokha. Mkati mwa tchalitchi chimodzi chomwecho timasankhana. Yakobo anatichenjeza kalekale za munthu wa mphete yagolide ndi zovala zokongola yemwe timamuuza kuti khalani apa pabwino, wosauka nkumuuza kuti ima uko kapena khala pansi. Sitinasinthe Atate. Wobwera pa galimoto timamudziwa dzina sabata yoyamba yomweyo, mayi wamasiye wakhala pa benchi yakumbuyo zaka ndi zaka palibe anamufunsapo kuti mumakhala kuti. Wolumala timamuona ngati ntchito yoti tiipempherere, osati m'bale woti atiphunzitse. Wotuluka kundende tikamuona timafinya zikwama. Wa mtundu wina, wa chilankhulo china, wa khungu lina timamumwetulira pakhomo, koma akati akwatire mwana wathu ndi pomwe zenizeni za mumtima zimatuluka.

Inu atsogoleri, ndikunena ndi ulemu koma ndinena, lekani kuyeza nkhosa ndi kukula kwa chopereka. Yesu anakhala pansi moyang'anana ndi mosungiramo zopereka, olemera akuponya zambiri, koma amene anamuitanira ophunzira ake kuti amuone ndi mayi wamasiye wa timakobiri 2. Opani Mulungu.

Atate, Inu simuona monga aonera munthu. Samueli pokadzoza mfumu ataona Eliyabu anati ndi yemweyu basi, Inu munakana, ana 7 a Jese anadutsa onse, amene munamufuna, Davide, anali kubusa, woiwalika ngakhale ndi bambo ake omubereka. Tonse munatiumba m'chifanizo chanu, tonse munatigula ndi mwazi umodzi, palibe amene munamulipirira wochepa. Ndiye ndikupempherera iwe amene unakankhidwira kumbuyo, iwe amene unasiya kupita ku tchalitchi chifukwa cha momwe anakuyang'anira, iwe amene unauzidwa kuti si iwe wa ife. Mulungu sanakutaye, sanakuiwale, tsitsi la m'mutu mwako analiwerenga, dzina lako akulidziwa, misozi yako anaiona. Ambuye mutonthozeni, mumange mabala ake, mubwezereni chimwemwe chomwe ife tinamulanda.

Chimene chikundipatsa chiyembekezo ndi Petro. Munamuonetsa masomphenya katatu, analowa m'nyumba ya Korneliyo, munthu wa mtundu wina, ku Kesareya nkuvomera yekha kuti zoonadi Mulungu alibe tsankho, koma atafika ku Antiokeya anayambanso kudzipatula osadya ndi anthu a mitundu ina chifukwa choopa anthu, mpaka Barnaba naye anatengeka, mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Komabe simunamusiye. Ngati munapirira naye Petro mupirira nanenso, ndigwireni dzanja, ndikabwerera m'mbuyo nditumizireni wondidzudzula ndipo mundipatse khutu lomva.

Sindikupempha kuti tonse tiziimba nyimbo imodzi kapena tigwirizane pa chilichonse, zina tidzazimvetsa tikadzafika kwanu, pa khamu lija losawerengeka la mafuko onse ndi manenedwe onse. Ndikupempha kuti tizitha kugwirana manja pa bedi la wodwala nkunena Ameni limodzi.

Nambala ya mng'ono wanga ili mu foni momwemu Ambuye. Ndailemba meseji kangapo nkufufuta. Ndipatseni mphamvu ndimuimbire lero lisanathe, mundipatse mawu, ndipo mufewetse mtima wake kuti akaona dzina langa ayankhe.

M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu tonse, Ameni.