Mnzanga wa lendi ndi wa Lucifer

Ndatha zaka zisanu kunja kuno, ndipo ndinkayesa kuti palibenso chondidabwitsa. Mwezi wathawu mnyamata amene timagawana naye nyumba ya lendi anandiuza, uku akutsuka mbale, kuti iye chipembedzo chake ndi cha Lucifer. Thupi lonse linachita tsemwe. Usiku umenewo ndinakhoma chitseko, n'kutsamiritsapo mpando. Kutacha ndinapeza wakolopa m'khitchini, wataya zinyalala, chonsecho inali sabata yanga.

Cholakwa changa n'chakuti ndinakaitchula nkhaniyi kwa anzanga opemphera nawo. Eee! "Achimwene, samukani lero lomwe, mudzadzuka mulibe magazi." Ndisamukire kuti? Dipoziti andipatsa ndani? Pa gulu lonselo panalibe woti bwerani mudzayambe mwagona kwathu. Amene anakuwa kwambiri ndi yemwe ali ndi ngongole yanga, chaka chachiwiri chino, ndipo ndikamuimbira foni sayankha.

Poti kosamukira kunalibe, ndinangomufunsa mwini wakeyo. Iye akuti sapembedza mdyerekezi wa nyanga, ndipo sakhulupirira n'komwe kuti kuli mzimu wotere. Alipo ena mwa iwo amene amamutenga Lucifer ngati mzimu weniweni, koma kwa iye ndi chizindikiro chabe cha nzeru, kufunsa mafunso ndi kukana kugwadira aliyense. Amadana n'zoti muziwaphatikiza ndi Church of Satan imene Anton LaVey anayambitsa ku San Francisco mu 1966. Kenako anandiuza kuti nditsegule Baibulo langa pa Yesaya 14:12. Ndinayembekezera kupezapo dzina la Lucifer, koma m'Chichewa palembedwa nthanda, nyenyezi ya mbandakucha ija, ndipo ndime yonseyo ikunyoza mfumu ya ku Babulo. Mawu oti lucifer ndi a Chilatini, kutanthauza wonyamula kuwala. Jerome, katswiri wakale wa Malemba, anawagwiritsa ntchito pomasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, ndipo omasulira Baibulo la Chingerezi la King James mu 1611 anangowasiya momwemo ngati dzina. M'Chilatini chomwecho, pa 2 Petro 1:19, mawuwa akunena za kuwala kwabwino kotuluka m'mitima ya okhulupirira. Kunali mpaka bishopu wa ku Cagliari, pa chilumba cha Sardinia, dzina lake Lucifer. Zinandiwawa kuti izi ndikuzimva kwa munthu amene sapita kutchalitchi, pamene ine ndakalambira pa benchi.

Ndiye za mantha ndinasiya. Ngakhale nkhani zambiri zoopsa zimene anthu amafalitsa zili ndi mbiri yake: Léo Taxil wa ku France anatha zaka akulemba kuti a Freemason, gulu la miyambo yachinsinsi, amapembedza Lucifer mobisa, kenako mu 1897 anaimirira pagulu ku Paris n'kuulula kuti zonsezo ankangopeka. Mabodza akewo mpaka lero akuyendabe pa WhatsApp.

Koma apa ndi pamene pali dandaulo langa lenileni, ndipo ndinamuuza pamaso. Iye amati munthu akhale mbuye wa moyo wake, asagwadire aliyense, adziunikire yekha njira. Zokoma kumva. Zonenedwa ndi munthu wobadwira m'dziko lomwe lino, wa pasipoti yotsegula zitseko zonse. Bwana akamulankhula chipongwe, amavula yunifolomu n'kumapita, sabata yamawa wapeza ntchito ina. Ine chitupa changa chokhalira kuno chamangiriridwa pa ntchito imene ndikugwira. Akandisinthira shifiti usiku popanda kundifunsa ndimati zikomo bwana. Akandidula maola ndimamwetulira. Mwini nyumba akakweza lendi ndimasaina. Ndiye wina azindiphunzitsa za kusagwada? Ndimagwada kasanu dzuwa lisanalowe, osati kwa Mulungu ayi, koma kwa anthu oti ena ndi ana kwa ine.

Ndinamufunsanso kuti, m'chiphunzitso chanucho, wofooka malo ake ali pati? Amene wayesetsa koma zakanika, amene wadwala, amene nzeru zake n'zapakatikati? Anayankha kuti aliyense ali ndi kuwala mwa iye, angofunika kukupeza. Ndinaseka. Chaka chatha nditagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, kuwala kwa mkati sikunandibweretsere zovala zosinthira. Anabweretsa ndi mayi wina wachikulire wa mu mpingo womwe uja, atakwera mabasi awiri. Inde, mpingo womwewo wa anthu amiseche ndi angongole. N'chifukwa chake ndimalephera kuutaya, ngakhale umanditopetsa.

Chimene chimandinyansa n'chakuti mbali zonse ziwiri zimandiona ngati munthu wofunika kupulumutsidwa. Awa akuti ndagona ndi njoka m'nyumba, andithire mafuta odzozera. Uyu akuti ndine kapolo wa mantha amene anandiphunzitsa ndili mwana, ndiwerenge mabuku ake ndimasuke. Palibe wafunsapo kuti kodi chitupa chija chikutha liti.

Chikutha mu Malichi. Mnzangayu ndi amene wandithandiza kulemba mafomu pa kompyuta yake, mpaka pakati pa usiku, osandilipiritsa. Lamulungu ndinapitabe kutchalitchi, ndipo wangongole uja anakhala kutali nane, akuti ndikununkha mizimu.