Galimoto sagula usiku, ana inu!

Loweruka lapitali ndagona 3 koloko m'mawa chifukwa cha uchitsiru wa munthu wina, ndiye mundilole ndilankhule, amene akwiye akwiye. Foni inalira cha m'ma 10 usiku, mwana wa mlongo wanga, mawu akunjenjemera, akuti ankolo ndili pa Linthipe galimoto yazima ndipo kuboneti kukutuluka utsi. Ndinafunsa kuti galimoto yake iti, poti ine ndimadziwa kuti iwe umayenda pa minibasi? Akuti ndagula Toyota Mark X Lachinayi, ndimafuna ndidzakudzidzimutseni. Wandidzidzimutsadi mwana ameneyu, zikomo kwambiri.

Ndinadzutsa makaniko wanga, bambo wa ana asanu amene anali atagona kale, tinabwereka chingwe n'kuuyamba wa ku Dedza. Titafika tinapeza mnyamata wakhala pamwala, chibwenzi chake chili mkati chafunda jekete, ma hazard akuphethira, nyimbo zikulirabe. Inde, wailesi yokha ndiye inali ndi moyo m'galimoto monsemo. Makaniko anangotsegula chotsekera oyilo n'kuunika ndi tochi ya pafoni, kunsi kwake kuli zoyera ngati chambiko, oyilo wasakanikirana ndi madzi, gasiketi inapsa kalekale. Anagwada n'kusuzumira pansi, paipi ya radiyeta anaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, bampala yakutsogolo ikugwiridwa ndi waya. Anangoti "bwana, iyi sinafe lero, anakugulitsani maliro." Ine ndinasowa chonena, ndinangoyang'ana kumwamba.

Ndiye pomufunsa mnyamatayo kuti unaigula bwanji, nkhani yake ndi yomwe ija timaimva tsiku ndi tsiku. Anaiona pa Facebook, zithunzi zinayi, yotsukidwa bwino, malimu akuwala. Dobadoba wina anamuuza kuti fulumira pali anthu atatu akuifuna, mwini wake akupita kunja mawa. Anakumana pamalo omwetsera mafuta dzuwa litalowa, anaizungulira kamodzi, anaponda mafuta injini n'kubangula, anakweza voliyumu, basi n'kutumiza ndalama. Ndalama yake ya ngongole ya kubanki, ina anaonjezera ya katapila. Blue book, chikalata cha umwini wa galimoto? Akuti abweretsa Lolemba. Lero ndi Lachitatu, foni ya dobadoba uja ikungoti nambala yomwe mwaimba siyikupezeka.

Kodi ana inu mitu yanu imagwira? Mbuzi ya pa Khrisimasi mumaigwira m'nthiti, mumaiyang'ana mano, mumanenerera ola lathunthu, koma chinthu cha mamiliyoni mukugula mumdima ngati mukuba? Munthu amene akukana kuti mubwere ndi makaniko wanu mukuganiza kuti akubisa chiyani, mphatso? Mwini galimoto aliyense ku Malawi kuno akupita kunja mawa, dziko lonse likusamuka kodi? Mwafika mwapeza injini ndi yotentha kale, simukudabwa n'komwe kuti n'chifukwa chiyani sanafune kuti muimve ikulizidwa itazizira. Injini yatsukidwa mbee ngati mbale ya alendo, inu n'kumati mwini wake ndi waukhondo. Ukhondo wanji? Wafufuta pomwe oyilo amadontha!

Ndipo nkhani ya mileage, makilomita amene galimoto yayenda, musandiyambe nayo. Galimoto ya 2008, yayenda ku Japan zaka zake, yatsika padoko la Dar es Salaam, yayenda makilomita pafupifupi 900 kudzafika pa Songwe, yakhala m'manja mwa anthu atatu muno, koma pa dashibodi ikuonetsa 60,000, inu n'kuwomba m'manja. Yang'anani chiongolero mmene chasalalira, yang'anani mphira wa pa buleki mmene wadyekera mpaka chitsulo kuonekera, mpando wa dalaivala wafwafwanthika ngati wa mu basi ya kumudzi. Manambala aja amabweza ndi laputopu pa mphindi zochepa, koma mpando sangaubweze. Amene mukuitanitsa nokha kuchokera ku Japan, pepala la ku okushoni likalemba R ndiye kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa, si R wa dzina la munthu ayi. Zina zachokera kumadera a chipale chofewa monga Hokkaido komwe amathira mchere m'misewu, pamwamba penti ili phuliphuli koma pansi dzimbiri lokhalokha. Ndani mwa inu anagonapo chagada kuyang'ana kunsi kwa galimoto asanalipire? Mukuopa kudetsa jinzi.

Matayala nawonso. Zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo yozizira, ofewa aja, opangira chisanu cha kwawoko, inu n'kumathamanga nawo pa phula la ku Chikwawa mwezi wa Okutobala likutentha ngati chiwaya. Mukufuna kufa kapena? Mwagula sabuufa, chisipika cha nyimbo, ya mtengo wa matayala awiri, mwamata magalasi akuda bii, koma tayala lakumbuyo mawaya ali pamtunda. Mumati Mulungu ateteza. Mulungu amene munamuiwala tsiku logula lija.

Tsono ichi chimene mumati "galimoto yokoma kuyendetsa", tiyeni tikambirane ngati anthu akulu. Ine sindikudana ndi chisangalalo, nanenso ndinali mnyamata, ndinayendetsapo Corolla ya magiya apamanja imene ndimaikumbukira mpaka lero kuposa anthu ena amene ndinaphunzira nawo. Mark X ndi galimoto yabwino, injini ya V6 ya 2.5, imakoka ndi matayala akumbuyo, ikakhala yosamalidwa imayenda ngati madzi. Koma imamwa, ndipo siyimva zoti malipiro achedwa. Iwe malipiro ako amatha pa 10, lendi sunalipire, ukaima pa pampu umati "thirani ya 5 sauzande" uku ukuyang'ana kumbali, ndiye V6 ukufuna uidyetse chiyani, mapemphero? Mwaiwala kale mizere ya mafuta ija, anthu kugona m'galimoto masiku awiri, zigubu zili mbwee? Mwaiwala kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, sipeya aliyense wochokera kunja n'kukwera nayo limodzi? A MRA nawo msonkho wawo amawerengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ikakula injini kapena ikakalamba mumalira pa boda pomwepo, ena mpaka kuisiya galimoto miyezi ili pa yadi chifukwa anawerengera mtengo wa pa intaneti wokha.

Wina mu mpingo mwathu anagula Benz yakale yotchipa, akuti mwayi wa chaka. Inayenda milungu itatu. Kachipangizo kamodzi kamagetsi kanafa, ku Biwi kulibe, ku Ndirande kulibe, ku Limbe amwenye anangopukusa mutu, mpaka kuitanitsa ku Joni, kubwera kolakwika, kuitanitsanso. Pano ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wachikopa. Wina Altezza, galimoto imene Toyota anasiya kupanga mu 2005, yadutsa m'manja mwa anyamata asanu ndi awiri ndipo aliyense ankaizunguza pa fumbi kuti atsikana aone, iwe wachisanu ndi chitatu ukuganiza kuti wapeza chuma. Wina wadula masipuling'i kuti igwade pansi, akukhala ku Area 25 mkati kapena ku Machinjiri komwe msewu wake mvula ikagwa ngakhale ngolo imaganiza kawiri. Hampu iliyonse amaikwera chammbali ngati nkhanu, anthu atsike kaye, sampu ikhule pansi, oyilo atayike. Kukoma kwake kuli pati pamenepa? Ndiuzeni, mwina ine ndakalamba.

Mukufuna kumva kukoma? Tengani kagalimoto kopepuka, Mazda Demio kapena Suzuki Swift, mukapeza ya magiya apamanja ndiye bwino kwambiri, ma shock ali bwino, matayala anayi atsopano ofanana, mabuleki akugwira. Mukatsike nayo msewu wa Khwekhwerere uja wochoka ku Dedza kupita ku Golomoti m'mawa kunja kukuyera, makona aja mmodzimmodzi, giya yachiwiri, yachitatu, galimoto ikumvera dzanja lanu ngati galu woleredwa bwino. Simufunika kufika 140 kuti mumwetulire. Ndipo pobwera tanki idakali ndi mafuta, m'thumba mwatsala ya chambo ku Mangochi. Amene muli ndi banja, Fielder kapena Axio yakulakwirani chiyani? Injini ya 1.5 ija makaniko aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa amaidziwa ngati chikhatho chake, sipeya ali pa msika uliwonse. Mumainyoza Sienta kuti ndi ya matakisi, Probox kuti ndi ya mavenda, eya, mukuganiza kuti anthu amene amadyera galimoto tsiku ndi tsiku anazisankha chifukwa chopusa? Zimanyamula anthu, matumba a chimanga, mbuzi, zimamenya maenje a pa M1 chaka chonse koma m'mawa kiyi kamodzi yalira.

Komanso musapite mbali inayi n'kumati poti ankolo anena zotchipa ndiye ndigule Mira. Mira ndi ya kainjini kakang'ono ka 660cc, ndi ya m'tauni, kupita kuntchito, kukatenga ana kusukulu, pamenepo ilibe mnzake pa mafuta. Koma inu mwakwezamo akuluakulu asanu, thumba la makala padenga, ulendo wa ku Karonga kudzera pa Chiweta. Mukuipha, ndipo potsika phiri lija ndi katundu wotero mabuleki akatentha idzakuphani ndi inu nomwe.

Zina ndimachita manyazi kuzinena. Galimoto zambiri zamasiku ano, Toyota Vitz, Nissan Note, Honda Fit, giyabokosi yake ndi ya otomatiki ya mtundu wa CVT ndipo ili ndi oyilo wakewake, koma munthu akupita pansi pa mtengo, mnyamata wa sipanala imodzi akuthiramo ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, chifukwa ndi wotchipa, pakatha miyezi iwiri galimoto ikunjenjemera ponyamuka, kenaka ziii. Mukatero mumati Nissan ndi zoola. Choola ndi mutu wanu. Mu radiyeta mukuthira madzi a pa mjigo, nyale ya check engine mwaimata ndi tepi yakuda kuti isakusowetseni mtendere. Hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi omwe, mwagula chifukwa mnzanu wati siyimwa mafuta, simunafunse n'komwe kuti batire lake lalikulu lija likafa ndi ndalama zingati ndipo alikonze ndani kwanuko.

Za mapepala ndiye ndatopa kulankhula. Nambala ya chasisi ya pa galimoto ifanane ndi ya pa blue book, dzina la pa blue book lifanane ndi nkhope ya munthu amene akulandira ndalama yanu, mupite naye limodzi ku Road Traffic akadinde chala chake umwini usinthe tsiku lomwelo. N'zovuta zimenezi? COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yogula pawindo galimoto isanaonedwe, inshulansi yotha chaka chatha, msonkho wa MRA sunalipidwe bwino, tsiku lina pa rodibuloko ya pa Zalewa adzakutsitsani pamaso pa apongozi anu, galimoto n'kutsala pomwepo. Ena mukuyendetsa galimoto zakuba osadziwa, ena zili pa chikole kubanki, mwini wake weniweni akubwera.

Mark X ija pano ili pakhomo panga, yatseka njira ya ku khitchini, mayi akunyumba akundiyang'ana ndi diso lofiira ngati ndinagula ndine. Mnyamata uja wabwerera pa minibasi, ngongole ayamba kudula mwezi uno. Dzulo wanditumizira uthenga, akuti ankolo pali Subaru ina ndaiona pa Facebook, akuti tingosinthanitsa n'kuonjezera pang'ono, mwini wake akupita kunja.

Iwe mwana iwe, usadzandiimbirenso usiku. Chingwe chija ndabweza kwa eni ake.