Chenjezo kwa Inu Ogawana Tramadol Ngati Mtedza

Ana anga, ndi inu adzukulu, ndiloleni ndikutsineni khutu, chifukwa zimene ndaona ndi maso angawa sindingakhale nazo chete. Pali timakapisozi tina topha ululu totchedwa tramadol timene mwayamba kupatsana mwachisawawa. Wina akangodandaula msana, mnzake wapisa kale m'thumba: "Imwani aka achimwene, kamagwira msanga." Udokotala umenewu munauphunzira kuti? Mukudziwa chimene mukumwetsa mnzanuyo?

Mwana wa mlongo wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Anagwa pa ngozi, fupa la mwendo n'kuthyoka, ndipo kuchipatala anamulembera tramadol wa masiku owerengeka. Pamenepo panalibe cholakwika, ndiyo ntchito yake mankhwalawa. Fupa linagwirana, mwendo unapola, koma mnyamata sanaleke kumwa. Anapeza kasitolo kena ka mankhwala kumene safunsa buku la kuchipatala, bola ndalama yaoneka. Ankati akamwa satopa, amakhala pamsewu kuyambira m'bandakucha mpaka usiku osamva njala. Makapisozi awiri anasiya kugwira, anafika pa anayi, kenako tinaleka kudziwa. Tsiku lina tikudya pakhonde, mbamu ya nsima ili m'manja, anangouma thupi lonse, maso n'kutembenuka, n'kugwa chagada uku akuphupha, thovu lili kukamwa. Mlongo wanga anayamba kulira kuti mwana amulodzera, popeza kumtundu kwathu kulibe khunyu. Titakweza matiresi ake tinapeza jumbo yodzaza ndi timapaketi topanda kanthu.

Tramadol si panado ayi. Ali m'gulu limodzi ndi morphine ndi heroin, mankhwala amphamvu amene amapatsa chibaba. Kampani ya Grünenthal ya ku Germany inayamba kumugulitsa mu 1977, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankamuyesa wofatsa, wosapatsa chibaba kwenikweni. Kupeputsa kumeneko n'kumene kwapweteketsa ambiri. Mlingo umene dokotala sapitirira kwa munthu wamkulu ndi mamiligalamu 400 pa tsiku lonse, kutanthauza makapisozi 8 a mamiligalamu 50, omwa motalikiranatalikirana, osati kukhuthulira m'kamwa nthawi imodzi. Mukapitirira apo mukuitana kukomoka kumene ndinaona pakhonde paja, ndipo ena zimawagwira asanafike n'komwe pamlingowo. Nanga inu amene mumatsitsira ndi kachasu kapena kuphatikiza ndi mapiritsi ogonetsa ngati valium? Zimenezo zimafooketsa kupuma pang'onopang'ono. Anzanu amangoti waledzera, musiyeni agone, kumacha munthu atazizira.

Moto umapita kumene kwatsala tchire. Onani kumene wadutsa kale. Ku Nigeria, ku Ghana ndi maiko oyandikana nawo, anyamata a kabaza, oumba njerwa ndi aganyu a m'minda anayamba chimodzimodzi, kufuna mphamvu zoti agwire ntchito tsiku lonse. Kumeneko kunadzaza mapiritsi ozembetsa ochokera ku India, a mamiligalamu 225 kapena 250 limodzi lokha, mlingo umene simungaupeze pa kapisozi wamba wa kuchipatala. Kafukufuku wa boma la Nigeria ndi UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda, wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 4.6 miliyoni m'dzikomo ankamwa mankhwala a mtundu umenewu popanda chilolezo cha dokotala, makamaka tramadol. Dziko la India linakhwimitsa malamulo a mankhwalawa mu 2018, Britain mu 2014. Ngakhale a zamasewera anadzidzimuka: kuyambira mu Januwale 2024 bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, linaletsa tramadol pa mipikisano. Chris Kirkland, goloboyi amene anasewerapo Liverpool ndi timu ya England, anaulula yekha poyera kuti anakodwa ndi mankhwalawa kwa zaka, chiyambi chake ululu wa msana. Munthu wozunguliridwa ndi madokotala a timu, wandalama zake, anakodwa. Inuyo mukudalira chiyani?

Tsono inu ogulitsa, mkwiyo wanga waukulu uli pa inu. Mukudziwa bwino lomwe kuti mankhwala amenewa safunika kuperekedwa popanda kalata ya dokotala. Mnyamata yemweyemweyo akubwera Lolemba, akubweranso Lachitatu, maso ali gwaa, manja akunjenjemera, inu n'kumangolandira ndalama. Simuona kuti ndi mwana wa munthu ameneyo? Akanakhala wanu mukanamupatsa? Bungwe la PMRA lilipo kuti liziyang'anira malonda a mankhwala m'dziko muno, ndipo amene mukuona zoterezi m'dera lanu kanenezeni, musaope kuti mudana ndi munthu.

Nafenso makolo tili ndi mlandu. Wina akachitidwa opaleshoni, mankhwala otsala timawasunga m'kabati kuti adzathandiza tsiku lina, kenako timapatsa mpongozi amene mutu ukumuwawa, mwina ndi woyembekezera kapena akuyamwitsa. Mankhwalawa amafika kwa khanda kudzera m'mkaka. Zotsala bwezerani kuchipatala kapena ku famase.

Kwa iwe mwana wanga amene wakodwa kale, sindikukunyoza. Ndinaona mmene mwana wa mlongo wanga anavutikira atayesa kusiya yekha mwadzidzidzi: thukuta losatha, kutsegula m'mimba, mafupa kuphwanya, miyendo yosakhazikika usiku wonse, tulo osabwera, mtima uli phaphapha. Tsiku lachitatu anathawa kukagulanso. Thupi likazolowera silisiyitsidwa ndi kukalipira kapena ndi manyazi. Pita kuchipatala, ukanene zoona zenizeni, kuchuluka kwa amene umamwa pa tsiku osachotserapo, kuti akuchepetsere mlingo pang'onopang'ono. A chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a chibaba chotere, chimodzimodzinso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Ndipo wina akakomoka pamaso panu, musamulowetse supuni m'kamwa, musamumwetse mkaka kapena kumuthira madzi. Chotsani zimene zingamuvulaze, akasiya kuphupha mugonekeni chammbali, ndipo thamangani naye kuchipatala. Ngati akupuma mwapatalipatali, milomo yada, osadzuka mukamugwedeza, musadikire kuti kuche. Tengani paketi ya mankhwalawo m'manja, mukaonetse adokotala.