Kompyuta yakale ija ikadzafa, mudzatani?

Tamverani kuno, inu oyang'anira makina m'mafakitale, m'malabu ndi m'malo opopera madzi. Imvi izi ndamerera pa ntchito ya mawaya, ndipo pali khalidwe lina limene likundiwawa mumtima. Makina a ndalama zankhaninkhani mwawasiya m'manja mwa kompyuta yafumbi imene inagulidwa ena a inu musanabadwe. Munthu ukafunsa za tsiku limene idzazime, amangoti, "Aa, madala, imeneyi siivuta, musaikhudze." Siivuta lero. Chakudza sichiimba ng'oma, ana anga.

Sindikuti muitaye. Nthawi zambiri ndi yokhayo imene imamvana ndi makinawo, chifukwa khadi loilumikiza ndi makinawo limalowa pa ISA, malo olowetsapo makadi m'kati mwa kompyuta amene makompyuta ambiri a masiku ano alibe. Chimene ndikudzudzula ndi kugona tulo.

Ndinaitanidwapo pa fakitale ina makina odulira zitsulo ataima. Nditatsegula kompyutayo ndinapeza fani itakutidwa ndi fumbi ngati bulangete, ma capacitor (zipangizo zing'onozing'ono zosunga mphamvu ya magetsi) atatupa pamwamba, ena akutuluka zamadzimadzi zofiirira. Koma chimene chinaimitsa ntchito ndi kabatire kakang'ono ngati batani la jekete. Katatha mphamvu, BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta ikayatsidwa, inaiwala zonse, ngakhale manambala a hard disk amene kale tinkalemba ndi manja. Palibe anawasunga pa pepala. Amene ankawadziwa anali atapuma ntchito kalekale. Anthu anakhala manja lende masiku angapo, oda ya kasitomala ikudikira, abwana akungozungulirazungulira.

Musaganize kuti zimagwera ang'onoang'ono okha. Mu Novembala 2015 ndege zinaima pa bwalo la Orly ku Paris kutachita chifunga, chifukwa pulogalamu ya DECOR, yopereka uthenga wa nyengo kwa oongolera ndege, inafa. Inkayendera Windows 3.1 ya mu 1992. Ku San Francisco, dongosolo loyendetsa sitima za Muni Metro limene anaika mu 1998 linafika mu 2024 likudalirabe ma floppy disk, ma disk akale aja osungirapo mafayilo. Chonsecho Sony inasiya kupanga ma floppy mu 2011. Otsalawo akungotha, ndipo ngakhale osungidwa bwino amaonongeka okha m'kabati.

Tsono pali ena amandionetsa fulashi monyadira, ati "backup ilipo". Mwakopera mafayilo, chabwino. Nanga Windows kapena DOS yakeyo? Nanga ma driver, mapulogalamu othandiza kompyuta kumvana ndi khadi lija? Nanga dongle, kiyi yolumikiza kumbuyo kwa kompyuta, imene pulogalamu singatseguke popanda iyo? Kampani imene inaigulitsa mwina inatsekedwa. Chofunika ndi kukopera disk yonse yathunthu, zimene amati image, ndi pulogalamu ngati Clonezilla. Makope akhale atatu, limodzi kunja kwa nyumbayo, chifukwa moto ndi akuba sasankha.

Ndipo apa ndi pamene ambiri mumagwera: kopi imene simunaiyesepo musaiwerengere. Pezani kompyuta ina ya mtundu womwewo panopa, isanasoweretu, pamodzi ndi khadi ndi power supply yapadera. Ikanimo kopiyo, lumikizani ku makina pa tsiku limene ntchito yaima, muone ndi maso anu akuyenda. Mukatero muisunge pouma, ndipo muziiyatsako nthawi ndi nthawi. Jambulani masamba onse a BIOS ndi foni, jambulani mawaya akumbuyo, musindikize zithunzizo n'kuziika mu fayilo imene aliyense akudziwa pamene ili. Zoti "tidzachita mwezi wamawa" ndazimva kokwanira. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Inu anyamata a shifiti ya usiku, lekani kutchajira mafoni pa kompyuta imeneyi, lekani kulowetsamo mafulashi a nyimbo. Microsoft inasiya kuteteza Windows XP mu Epulo 2014, ndiye vairasi ikalowa imapeza khomo lili pululu. Pa intaneti isayandikire n'komwe. Muigulire UPS, bokosi la batire lopereka magetsi akazima, poti disk yokalamba siipirira magetsi ozima mwadzidzidzi.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi moyo wa anthu. Kompyuta ikazima ng'anjo ili moto, kapena pampu ili pakati podzaza thanki, ndani pa shifitiyo akudziwa valavu yotseka ndi manja? Lembani ndondomekoyo pa pepala, muimate pakhoma pafupi ndi makinawo, ndipo aliyense ayeserere, ngakhale amene wayamba ntchito dzulo. Mdala amene anaika dongosololi, ngati akadali moyo, pitani kunyumba kwake sabata ino ndi kope ndi cholembera.