Manyazi ndi amene amatipereka kwa mbava za m'tauni

Ndayenda mumzinda wa Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi akuti anthu ambiri amene amaberedwa pakati pa depoti ya mabasi, msewu wa Malangalanga ndi msika wa Tsoka saberedwa chifukwa chosadziwa tauni, koma chifukwa cha manyazi. Tinaleredwa kuti munthu akatipatsa moni tiziyankha, akatifunsa njira tiziima, ndipo akafuna kutilandira katundu tisamamukanize mwamwano. Kumudzi khalidwe limeneli ndi ulemu weniweni, koma opisa m'thumba a m'tauni analiphunzira bwino kuposa ife eni ake, ndipo ndi limene amadyerapo.

Ndikunena zimene zinandionekera ine ndemwe. Tsiku lina madzulo, nditangotsika basi yochokera ku Dedza, mnyamata wina wooneka bwino anandithamangira n'kugwira chikwama changa, amvekere, "Bambo, bweretsani ndikuperekezeni, minibasi ya ku Area 25 yangotsala munthu mmodzi." Mtima wanga unakana, koma pakamwa panalephera kunena mawu amphamvu, poopa kuoneka ngati munthu wodzimva pamaso pa mwana amene ankaoneka kuti akungofuna kuthandiza. Tili mkati mokokerana chikwamacho mwaulemu, munthu wina anandigunda paphewa, napepesa bwinobwino, n'kulowa m'chigulu cha anthu. Ndinazindikira kuti foni yapita nditakhala kale pampando, kondakitala akutolera ndalama. Pambuyo pake ndi pamene ndinamvetsa kuti ntchito imeneyi sagwira munthu mmodzi: wina amakutangwanitsani, wina amapisa, ndipo wachitatu amalandira chobedwacho n'kuchoka nacho, kotero kuti ngakhale mutamugwira wopisayo mumupeza alibe kanthu, manyazi n'kugwera inu. Akuluakulu amati manyazi anapha Lambe, ndipo ine tsiku limenelo ananditayitsa foni ndi manambala onse a abale anga.

Chinthu chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti mbava siibera munthu mwachisawawa, imayamba yasankha. Imaima pafupi ndi ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba, kapenanso pafupi ndi makina a ATM, ngati munthu wodikira mnzake, chonsecho ikuyang'ana thumba limene mwaikamo ndalama. Ngakhale ndalama ya K5,000 imene inatuluka mu 2022 inachepetsako mipukutu, munthu amene watapa K200,000 amakhalabe ndi mapepala makumi anayi, ndipo akayamba kuwawerenga poyera, malovu ali pachala, walengeza kale kwa aliyense wodutsa. Kumapeto kwa mwezi, nyengo ya Khirisimasi komanso nthawi imene alimi agulitsa fodya ku Kanengo, maso oterewa amachuluka. Ine masiku ano ndalama yokwerera minibasi ndimaiika payokha m'thumba la malaya, kuti pogula nthochi kapena polipira kondakitala ndisamatulutse zonse zimene ndili nazo.

Nkhani ya foni ndiyo yafika povuta. Kuchokera pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, foni yabwino yasanduka katundu wodula kwambiri, koma timaigwirabe ngati chidole. Munthu amakhala pawindo la minibasi imene yaima pamzere wa magalimoto, windo lili pululu, iye ali pa WhatsApp, ndipo dzanja lochokera kunja limangotsomphola kamodzi. Wina amayenda m'mphepete mwa msewu atatseka makutu onse awiri ndi nyimbo, osamva ngakhale njinga yamoto imene ikumulondola kumbuyo. Choipitsitsa n'chakuti ambiri timasunga chiphaso cha unzika m'kachikopa ka foni, pamene nambala yathu yachinsinsi ndi chaka chathu chobadwa, chimene chalembedwa pachiphaso chomwecho. Pamenepo wakubayo sanangotenga foni yokha, watenganso ndalama zonse za m'foni pamodzi ndi kiyi wake. Sinthani nambala yachinsinsiyo, chiphaso chikhale kwina, ndipo imbani *#06# kuti muone IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foni yanu, n'kuilemba m'kope la kunyumba, chifukwa imathandiza pokadandaula kupolisi.

Za usiku sindinenapo zambiri popeza aliyense akudziwa. Njira zachidule zodutsa m'minda ya chimanga nthawi ya dzinja, m'mbali mwa manda kapena pamilatho ya m'makwalala, makamaka magetsi akazima, sizifupikitsa ulendo kwa munthu amene wakumana ndi anyamata a zikwanje. Pokwera kabaza usiku ndi bwino kutenga munthu wa pasiteji amene anzake akumudziwa, ndipo tisaiwale kuti akabaza nawonso amaopa ife okwera, chifukwa ena mwa iwo avulazidwa ngakhale kuphedwa kumene ndi anthu onamizira kukwera pofuna kuwalanda njinga.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndikuloza chala woberedwa m'malo mwa wakuba. Ayi, mlandu ndi wa wakuba, ndipo makhonsolo a mizinda ayenera kukonza magetsi a m'misewu, apolisi nawo ayenera kuoneka m'malo amene aliyense akudziwa kuti ndi oopsa. Koma pamene tikudikira zimenezo, mayi amene akuweruka ntchito mdima utagwa ayenera kukafikabe kwawo ku Kawale kapena ku Chinsapo usiku womwewo. N'chifukwa chake ndikuti tiphunzire kukana popanda kupepesa. Kunena kuti "Ayi, zikomo, ndinyamula ndekha" uku mukuyendabe si mwano. Kuwoloka msewu chifukwa simukumasuka ndi anthu amene ali kutsogolo, kapena kulowa m'sitolo mukaona kuti wina wakutsatirani kwa nthawi yaitali, si mantha a chibwana. Mlendo amene akuti mwagwetsa ndalama, kapena amene watola mpukutu n'kukuitanirani pambali kuti mukagawane, musamupatse ngakhale mphindi imodzi.

Zikafika poti akuzungulirani ndi mipeni kapena zikwanje, perekani chimene akufuna, musalimbane nawo, chifukwa foni ina mudzagula koma dzanja lodulidwa siligulitsidwa pamsika uliwonse. Ndipo pofuula kuti "wakuba" muzikhala mutamuonadi munthuyo, popeza tonse taonapo mmene khamu la anthu limachitira likamva mawu amenewa: limamenya ngakhale kuotcha munthu lisanafunse kanthu, ndipo nthawi zina wogwidwayo amakhala wongodutsa. Mukapulumuka, bwerekani foni ya mnzanu, tsekani nambala yanu ndi akaunti ya ndalama nthawi yomweyo, imbani 997 kapena pitani kupolisi yapafupi, ndipo dziwitsani abale anu msanga, chifukwa wakubayo angathe kuyamba kuwatumizira mauthenga m'dzina lanu, kunena kuti muli m'chipatala ndipo mukufunika ndalama mwamsangamsanga.