Tinkagula makaseti pa Kamuzu Road

Ndawerenga nkhani yanu yodandaula kuti mashopu ogulitsa nyimbo atha, ndipo yandikumbutsa kashopu kena ka pa Kamuzu Road, kuno ku Salima, komwe ndinkagula makaseti m'zaka za m'ma 1990. Mwini wake ankaika sipika pakhomo, moti munthu wochokera kumsika ankamva nyimbo asanaione n'komwe shopuyo. Ukasankha kaseti, bamboyo ankaiika m'wailesi kuti umve mbali zonse ziwiri, ndipo sankakukakamiza kugula ngati mtima sunakhutire.

Ine ndinkasunga ndalama za ganyu kwa masabata angapo kuti ndigule kaseti imodzi ya Alleluya Band ya ku Balaka. Ndisanalipire ndinkayamba ndafufuza kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, pachikuto, chifukwa tinkadziwa kuti kaseti yopanda kachizindikiroko ndi yojambulidwa mwakuba ndipo woimba sapezapo kanthu. Tepi ikakodwa m'wailesi tinkaisolola pang'onopang'ono n'kuikulunganso ndi cholembera, ndipo cholembera chomwecho ndicho tinkabwezera nacho nyimbo pofuna kuti mabatire asathe msanga.

Sindikugwirizana nanu pamene mukunena kuti intaneti yokha ndiyo inapha malondawa. Kuno kwathu anayamba kuwafooketsa ndi anyamata a makompyuta amene amathira nyimbo mazanamazana mu memori khadi pa mtengo wochepa kwambiri. Mwana wanga ali ndi nyimbo zosawerengeka m'foni mwake, koma sadziwa amene anaimba gitala ngakhale m'nyimbo imodzi, pamene ife tinkawerenga mayina onse a pachikuto tili m'minibasi yopita ku Senga Bay, kaseti ili m'manja.