Diresi losokedwa ku Salima, malamulo anayi pa zipata zinayi

Matelala a pa Kamuzu Road ku Salima amasoka madiresi ndi malaya a zitenje oti sungachite nawo manyazi kulikonse. Koma ukati ukagulitse kunja, a pachipata sayang'ana msoko. Amatembenuza kolala kufuna kalebulo, kenako n'kuitanitsa mapepala.

Ku Zambia n'kofewerako. Tonse tili mu COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo pa Mchinji pali dongosolo lopeputsira amalonda ang'onoang'ono a katundu wochepa, bola katunduyo akhale pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, ndiye pa Songwe chokuthandiza ndi satifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu wapangidwa. Bungwe lawo la miyezo, TBS, limafunanso kuti katundu ayesedwe. Kwa mayi wa zikwama ziwiri, ndalama yoyezetsera yokhayo ingadye phindu lonse. A ku Mozambique amafuna lebulo ya Chipwitikizi.

Kovuta ndi ku Joni, kumenenso kuli ndalama. Malamulo awo oteteza ogula amati chovala chionetse dziko limene chapangidwa, ulusi wake, kaya ndi thonje lokha kaya losakaniza ndi poliyesitala, ndi kachapidwe kake. Apa ine ndili mbali yawo. Kuno timagula diresi osadziwa ngati lichucha utoto, timadzaonera m'beseni.

Chimene chimapweteka ndi china. Msonkho wa zovala zambiri zolowa ku South Africa ndi 45 peresenti, ndipo kuti uchotsedwe kudzera mu SADC, kusoka kokha sikukwanira. Nsalunso iyenera kukhala yolukidwa m'chigawo chathu chino. Tsono zitenje zambiri za m'misika yathu n'zochokera ku China ndi ku India. Telala wadula, wasoka, wasita, zonse ku Salima, koma pa msonkho diresilo amaliona ngati lachilendo. Chonsecho thonje timalima konkuno, lambiri n'kumalitumiza kunja likangochotsedwa njere.

Ndiye amene mukuganiza zotumiza ku Johannesburg, musanaike sizasi pansalu funsani wa holoselo kumene inalukidwa, akupatseni pepala lake. Satifiketi ya SADC sadzakupatsani pongomva mawu apakamwa. Ngati nsaluyo ndi ya ku China, werengeranitu 45 ija mumtengo, apo ayi yambani mwayesa ku Chipata.